Ndabisa kabakha ka amuna anga

Aphungu,

Ndithandizeni, ine ndili pa mitala ndi bakha. Wapulasitiki. Musaseke chonde, poti kusaluni kwanga aseka kale mpaka kasitomala wina anatsala pang'ono kupsa khutu.

Amuna anga amalemba mapulogalamu a pakompyuta. Agwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndi chilankhulo chimodzi chomwecho cha makompyuta, choti akhoza kuchilemba atatsinzina. Mwezi watha abwana awo anati chilankhulocho chakalamba. Kwabwera china chatsopano, choti pulogalamu ukailemba kamodzi imayenda pafoni ndi pakompyuta pomwe. Anawapatsa masabata asanu ndi imodzi kuti achiphunzire n'kupanga pulogalamu yoti odwala azilembetsera tsiku lokaonana ndi dokotala. Akaionetsa Lachisanu la sabata yamawa. Ikakanika, pampando wawo pakhala wina.

Sabata yoyamba anapanga batani limodzi basi, loti ukalidina nambala imakwera. Ndinalidina mpaka mazana atatu pofuna kuwalimbitsa mtima. Kenako zinayamba kukana, sikirini kumangofiira ndi zolakwika. Mnzawo wakuntchito ndi amene anawauza za mwambo wa anthu a ntchito imeneyi. Akuti pulogalamu ikavuta, umaika patebulo kabakha koseweretsa ana posamba, n'kumakafotokozera mzere ndi mzere zimene walemba, ndipo pofotokozapo cholakwikacho umachiona wekha.

Kanabwera kachikasu, kamlomo kofiira, n'kupatsidwa malo patebulo lodyera pakati pa mchere ndi shuga. Amakapatsa moni m'mawa. Amakatchula kuti "akulu". Ndikafuna kupukuta patebulo, amayamba akapepesa kaye asanakasunthe. Chondinyansa kwambiri n'chakuti zimathekadi. Afotokoza, afotokoza, kenako n'kuwomba m'manja: "Zikomo akulu, kani ndinaiwala kutseka apa!" Bakha osanenapo kanthu. Ine amene ndawaphikira zaka zonsezi, kuwomberedwa m'manja sindikudziwa.

Ndinayesa kulowapo. Ndinati afotokozere ineyo, munthu wamoyo. Anayamba bwinobwino, "Onani mayi, munthu akadina apa, pulogalamu imayenera kudikira kaye kuti..." Ine ndinafunsa kuti kudikira kwa chiyani pafoni yodula ngati imeneyo, ndipo ndinawauza za mwana wa kasitomala wanga amene akuti zimenezi anaziphunzira masiku atatu okha. Iwo anati, "Chimene chikundivuta ine n'chakuti..." Ndinawauza kuti chowavuta ndikuchidziwa kale, ndi kukhala pansi tsiku lonse osawongola miyendo. Anangotembenuza bakha uja kuti aziwayang'ana.

Achimwene anga atamva, anati mlamu wawo asamavutike ndi chidole ngati abale alibe. Anabweretsa bakha wamoyo m'katoni. Ameneyo anamvetsera mizere iwiri, kenako n'kuchita chimbudzi pakiyibodi. Mabatani atatu mpaka lero sakugwira.

Zonsezo ndikanapirira. Koma Lolemba m'mawa ndinaiwala makiyi a saluni n'kubwerera, ndipo ndili pakhomo ndinawamva akuti, "Akulu, mutu wanga sukugwiranso ngati kale. Achinyamata kuntchito amachita tsiku limodzi zimene ine ndimachita sabata yonse. Ndikuopa, akulu. Mayi akunyumba sindinawauze." Aphungu, mtima unandiwawa koopsa. Ine ndili pompano ndi makutu awiri, iwo n'kumaulula zakukhosi kwa kanthu kopanda ndi makutu omwe!

Lachiwiri ndinakaba. Kali mudilowa ya kusaluni, pansi pa mawigi. Chiyambire tsiku limenelo sanalembe mzere ndi umodzi womwe. Asakasaka kunsi kwa mipando, m'firiji momwe. Dzulo ndinawapeza akuyesa kufotokozera ketulo, koma anaisiya, ati nkhope yake si yomvetsera. Atandifunsa kuti, "Mayi, kodi simunawaoneko a..." ndinati ine ndilibe nthawi yolondera abakha.

Nditani tsono? Ndikabweze, ndivomere kuti ndagonja kwa chidole? Kapena ndikhale chete, aphunzire kulankhula ndi mkazi wawo?

N.T., wa saluni ya pafupi ndi siteji

Mayi N.T.,

Bwezani bakhayo lero. Amene akudikira kulukidwa adikire, theka la ola silinaphepo munthu. Ntchito ya amuna anu ili pachiswe, ndipo sabata ino si yophunzitsira munthu khalidwe.

Za mwambowo musade nkhawa. Ndafunsa mayi amene amatikonzera makompyuta muofesi muno, ndipo wandionetsa chomatira mapepala chimene amachifotokozera iye. Palibe zamankhwala pamenepa, palibenso chibwenzi.

Koma kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndapezamo kanthu. Amuna anu alankhula nanu katatu m'kalatamo, ndipo katatu konseko simunawalole kufika kumapeto kwa mawu awo. Pamene amalankhula ndi bakha, mawu onse anatha bwinobwino, ndi owawa aja omwe. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mnzanuyo alibe makutu, alibe nzeru, kuphika sadziwa, koma nyimbo yake yokhala chete amaiimba bwino kuposa inu. Kusaluni pakamwa ndi pamene pamakubweretserani makasitomala, ndikudziwa. Kunyumba pakuthamangitsa munthu mmodzi yekha amene muli naye.

Pobweza musachite kukaponya kunsi kwa mpando kuti azikapeza okha. Apatseni m'manja, muwauze kuti, "Ndinakatenga ndine. Ndinamva zimene munakauza Lolemba, ndipo zinandipweteka kuti simunauze ine." Mukatero lekezani pomwepo. Kokani mpando, mukhale pambali pa bakhayo, muwerenge chamumtima mpaka makumi awiri. Akakhala chete, werenganinso.

Mwana wa kasitomala wa masiku atatu uja asamvekenso m'nyumbamo. Bakha wamoyo abwerere kwawo, ndipo achimwene anu pobwera kudzamutenga anyamule kiyibodi ina.

Ngati mukufunadi kuposa mnzanuyo, ilipo ntchito imene iye sangaithe chifukwa alibe zala. Pulogalamuyo ikufunika woiyesa lisanafike Lachisanu. Munthu amene anadina batani limodzi kokwana mazana atatu ndi woyenera ntchitoyo. Tengani foni, mudzilembetse ngati wodwala, mudine mokhota ndi mowongoka, kenako mukayesenso pakompyuta. Pamene yakana, alozereni ndi chala, osawonjezera ulaliki. Munthu amene walemba mapulogalamu zaka zonsezo nzeru zake sizinathawe, changosintha ndi kalembedwe. Zimenezo muwauze, koma akamaliza kaye kulankhula.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Tsiku lina adzayambanso kuti, "Chimene chikundivuta ine n'chakuti," ndipo yankho lidzakuyabwani pakamwa. Lumani mlomo. Mawu amenewo akhala akufuna kuwamaliza kwa mwezi wathunthu, ndipo kumapeto kwake kuli mantha amene akusenza okha. Mukawadulanso ulendo umenewo, kubisa bakha sikudzakuthandizani. Ketulo ija yayesedwa kale ntchito, ndipo m'khitchini mwanumo ziwiya zodziwa kukhala chete zilimo zambiri.

Aphungu