Ndinafufuta ziro pa kompyuta ya mwana wanga

Aphungu,

Ine ndine wometa, ndipo pa chesi mumsewu mwathu muno palibe wondifika. Ndimatha kumeta munthu ndi dzanja limodzi, linalo likumudyera mfumukazi. Nzeru zimenezi ndinagawirako mwana wanga wachisamba, amene akuphunzira za makompyuta. Mtsikanayu wapanga pulogalamu yosewera chesi payokha. Akaikonza pang'ono, amaimenyanitsa ndi yakale masewera chikwi, n'kumawerenga kuti yapambana kangati. Yatsopanoyi ikuikwapula yakale ngati yagwira mbala. Ndikamamuonerera akugwira ntchito ndimangoti kukamwa yasa.

Sabata yatha anati, "Ababa, tabwerani muiyese." Tinakhala pa tebulo la pabalaza. Posakhalitsa chinthucho chinali chitandidyera kavalo, ine thukuta lili kamukamu. Mwana atatuluka kukaanula zovala, ndinaona kabokosi kamene amalembamo nthawi yoti makinawo aziganiza asanasewere. Munali masekondi 10. Ndinafufuta ziro, n'kutsala sekondi imodzi. Makina anayamba kusewera ngati chidakwa, ndinawagonjetsa, ziro uja n'kumubwezera pamalo pake.

Kometera ndalengeza kale kuti ndinaliza kompyuta. Koma mwanayu masiku asanu tsopano akusakasaka chimene chinalakwika. Akabwereza masewera aja, makina sakuchitanso zopusa zija. Dzulo anati, "Sindingaidalire, Ababa. Ku mpikisano wa mapulogalamu a chesi wa Loweruka ndipita ndi yakale ija." Kodi ndiulule, mbiri yanga ithere pomwepa?

W.M., wometa wosagonja


Bambo wometa,

Mwana wanu ndamugomera. Ambiri akanangoti adalawa achita mwayi, n'kupitirira. Iye wakana kunyalanyaza masewera amodzi okha amene sakuwamvetsa, ndipo katswiri weniweni amatero. Chomvetsa chisoni n'chakuti akufunafuna vuto m'makina, pamene vutolo likudya naye pa tebulo limodzi.

Muuzeni lero, osadikira Lachisanu. Nenani ndendende kuti munasintha nambala iti, masewera atafika pati. Akaika sekondi imodzi n'kuona zopusa zija zikubwerera, mtima wake ukhala pansi, ndipo ku mpikisano apita ndi pulogalamu yamphamvu ija. Akakalipa, khalani chete. Masiku asanu mwamutayitsawo anali ake.

Za mbiri musadandaule. Mumupemphe abwere ndi pulogalamuyo kometera, musewere makasitomala akuona, masekondi khumi athunthu. Ikakukwapulani, mudzakhala ndi chodzitamira chachikulu kuposa chakale chija: mumsewu monsemo wokugonjetsani ndi mmodzi yekha, ndipo munamubereka nokha.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku limenelo mwana akadzatuluka kukayankha foni, manja anu onse awiri akhale m'thumba.

Aphungu