Amuna Anga Akufuna Kukhala Mlendo Pakhomo Pawo

Aphungu,

Ndithandizeni, banja langa la zaka 31 likutha chifukwa cha mbalame. Timaweta imyu, chimbalame chotalika kuposa ine, dzina lake Rodney. Mwezi wathawu tikuwotcha nyama panja, aneba athu a Stavros anaseka mpaka mano awo oikirira anagwera pa udzu. Rodney anangoti jompho, kumeza. A Stavros atamuthamangitsa, iye anawamenya theche, anagwera pa waya n'kuthyoka mkono.

Inshulansi ya nyumba yathu inawalipirira zonse, chipatala ndi mano atsopano omwe. Amuna anga a Clive zinawawawa. Rodney wakhala akuwamenya zaka zisanu ndi ziwiri, koma atakadandaula ku kampani ya inshulansi anauzidwa kuti, "Bambo, inu ndi eni khomo. Gawo limeneli ndi la alendo, anthu osakhala pakhomopo."

Pano akugona mu tenti kutsidya kwa msewu. Dzulo anati, "Bev, tisudzulane. Ukatero undiitane ku tiyi ngati mlendo, utsegule khola. Ndivala malaya ofiira amene Rodney amadana nawo aja." Ine ndikulira, iwo akuyeza mtunda wochoka pageti kufika pakhola. Nditani?

B.H., Cunnamulla

Mayi B.H.,

Pukutani misozi, amuna anu sanakutayeni, angopsa mtima ndi mano a eni.

Gawo limene linathandiza a Stavros limalipira munthu wosakhala pakhomo panu akavulala mwangozi, kapena katundu wake akawonongeka, mlandu uli wanu. Sililipira inu, amuna anu, kapena aliyense wogona m'nyumbamo. Sililipiranso zochita dala. Kutsegulira mlendo khola mukudziwa kuti wavala zofiira si ngozi, ndi chinyengo, ndipo amamanga nacho anthu. Rodney akadwala ndi mano ali m'mimbawo, dokotala wa ziweto mukamulipira nokha.

Lero lomwe tengani pepala la inshulansi, muwoloke msewu, muwerenge limodzi mokweza. Imbani foni mufunse ngati Rodney akadali m'pangano, chifukwa chiweto chikavulaza munthu kamodzi makampani ena amachichotsamo. Kwezani mpanda. A Clive akafunse za inshulansi ya ngozi ya iwo eni, ndipo malaya ofiirawo apukutire galimoto.

Koma chenjerani, musasaine pepala la chisudzulo ngakhale mwanthabwala. Khoti silidziwa kuseka. Mudzapezeka inu muli mbeta, a Clive nthiti zothyoka, aliyense wa inu akuchonderera woweruza kuti Rodney apite kwa mnzake.