Ndasamukira Kachipinda ka Kudenga

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi alamu. Nanga bondo lija lasiya kuvuta? Musandinamize, paja inu mumati zonse zili bwino ngakhale mukutsimphina. Ine kuno ndili bwino, chimfine chinandigwira koma chikutha.

Sukulu ikuyenda. Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga andibwezera zomwe ndinalemba zitafiira ndi inki, koma akuti ndisataye mtima, mutu wake ndi wabwino.

Munafunsa za kumene ndikukhala. Ndi nyumba yakale yosanja, khitchini imodzi, bafa limodzi, akuluakulu asanu. Mu firiji aliyense ali ndi shelufu yake. Mpunga, mafuta ndi anyezi timagula pamodzi chifukwa thumba lalikulu limatsikako mtengo. Jekete yanga ndi ya kaunjika, manja ake ndimachita kupinda kawiri. Mukanandiona mukanagwa ndi phwete.

M'nyumbamu muli ophunzira anzanga awiri, adalaivala a basi achikulire amene moni wawo ndi kugwedeza mutu basi, ndiponso anesi. Anesiwa ukwati wawo unatha, ndiye anabwera ndi kamtsikana kawo ka zaka zinayi. Ndinakapatsa dzina loti Kamphepo, poti sikayenda, kamangouluka. Amayi ake akakhala ku ntchito Lamlungu ndimakaluka tsitsi, iko kakujambula maluwa pa mapepala anga a sukulu.

Mwezi wathawu tinakumana ndi vuto. Alandilodi, eni nyumbayi, atabwera kudzakonza mpopi anaona tinsapato pakhomo. Anati sankadziwa zoti m'nyumba mwawo muli mwana. Chipinda cha anesi chinali chakudenga, masitepe ake ndi otsetsereka, zenera lili m'munsi. Anati mwana akadzagwa mlandu udzakhala wawo, choncho anesi asamuke mwezi usanathe. Madzulo ndinawapeza anesiwo m'khitchini akutsuka kapu imodzimodzi, madzi akungotayika. Anandiuza kuti afufuza paliponse, koma nyumba zotsika mtengo zimakana ana, zolola ana iwo sangazikwanitse.

Achemwali, chipinda changa chinali chapansi, chachikulu, dzuwa limalowa m'mawa. Ndinachikonda kwambiri, sindikubisirani. Ndinagona nazo maganizo masiku angapo. Kenaka ndinawauza anesi kuti tisinthane. Anakana poyamba, amvekere kudengako kumazizira ndipo ine ndine wowerenga. Ndinawayankha kuti kuzizira kumathandiza, munthu sawodzera pa buku.

Alandilodi atabweranso anayamba kuvutavuta. Amene anatipulumutsa ndi adalaivala aja. Anaimirira pakhomo la khitchini n'kuyankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo chibwerere. Anati iwo akhala m'nyumbamu zaka zambiri, anthu akungodutsana ngati pa siteji ya basi, koma chifikire mwanayu anthu anayamba kudyera pa tebulo limodzi. Anatinso ayika okha kachitseko pa masitepe kuti mwana asakwere. Alandilodi anakanda m'mutu, n'kuvomera.

Tsopano ndili kudenga. Denga lake ndi lopendekeka, ndagunda mutu mpaka ndaphunzira kudzuka chowerama ngati ndikupereka ulemu. Ndimagona ndi majuzi awiri. Anesi anandipatsa bulangete lawo lochindikala, ndipo akaphika amandisiyira mbale pa shelufu yanga. Kamphepo kamaima pansi pa masitepe n'kumakuwa kuti nditsike, tsitsi lake lamasuka.

Koma pali chimene chikundilemera mumtima. Loweruka lija mutandiimbira, Kabambo wanga anabisala kumbuyo kwanu, ndipo ndinamumva akukufunsani ngati aanti a mu foni ayankhulabe nthawi yaitali. Inu munamukalipira, munati amenewo ndi amayi ako. Ndinaseka kuti musadandaule, koma foni itaduka ndinalira. Sindikukuimbani mlandu ngakhale pang'ono. Amene mumamusambitsa ndi kumupukuta mamina ndinu, nanga mwana angadziwe bwanji za digiri?

Pempho langa ndi limodzi. Musamukalipirenso, ndipo musamamuimike patsogolo pa foni kuti andipatse moni ngati wabwera mlendo. M'malo mwake, tsiku lina akamasewera pabwalo, ingotsamiritsani foni penapake muyisiye. Asadziwe n'komwe kuti ndikuona. Ndikufuna ndimve mmene amayankhulira akakhala kuti sakuopa munthu, ndione ngati amalumabe lilime akamamanga zinthu zake. Zoti ndine mayi wake ndidzamuphunzitsa ndekha ndikadzabwera, pang'onopang'ono, ndili naye pamiyendo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chomulera ngati wawo. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti ndikudya, sindinaonde. Kabambo musamuuze chilichonse, ingomufungatirani kanthawi kotalikirapo.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Amake Kabambo