Khomo la chipinda cha amai

Aphungu,

Ndine mai wa zaka 22, ndimakhala ku Nyimba. Amuna anga a Febian amayendetsa lole ya chimanga. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwili, yanjelwa zootcha. Bambo anga anamwalila chaka chatha, amai atsala okha ku Luembe, kutsidya kwa mtsinje, ndipo miyendo ikutupa. Tinagwilizana kuwonjezela chipinda kuti abwele mvula isanayambe.

Amuna anga anapeza a Mubita, amene amajambula mapulani a nyumba ku Petauke. Ndi munthu waulemu, koma si wakuno. Anayeza ndi tepi m'mamita atsopanowa, najambula papepala lalikulu. Khomo la chipindacho analiika mkati, moyang'anana ndi khomo la kuchipinda kwathu. Anati, "Amai, odwala akaitana muzimva msanga. Pali funso?" Ndinati chabwino. Ndinalekela Giledi 7, ndipo pamaso pa anthu ophunzila mawu amandithela.

Aphungu, kwathu mkamwini sakumana maso ndi apongozi ake. Tsiku lina amuna anga anaima kuseli kwa nkhokwe mpaka amai atatha kuswa nshawa lichelo lonse. Nditawafunsa amuna angawo za pulaniyo anati mawindo ndi abwino, koma za chipinda cha apongozi sangalankhulepo.

Amai nditawafotokozela anati, "Mukamanga chotelo musungilemo mbuzi. Ine ndifela konkuno."

Amalume anga a Daka atamva anabwela. Anati, "Pepala silimanga nyumba, mwana iwe." Anayeza ndi mapazi, nakhoma zikhomo, khomo loyang'ana kumunda. Nawonso ndinati chabwino. Koma khitchini imene anamangila akulu anga a Rabecca inagwa pa mvula yachiwili, ndipo amalumewo amati mphepo imene inaigwetsa inachita kutumidwa.

Onse awili akubwela Loweluka lomaliza la mwezi uno kudzayamba maziko. Sadziwana. Ndisankhe ndani?

J. S., Nyimba

*

Amai J. S.,

Mwalemba nchito anthu awili ndi liwu limodzi. Tsopano mufunika mawu ochulukilapo.

Sankhani a Mubita, koma poyamba muwayese. Iwo sanalakwe. Anajambulila munthu wodwala chipinda, chifukwa palibe amene anawauza kuti wodwalayo ndi mpongozi. Tepi siyeza ulemu. Ngati pakamwa pakukanika, lembani. Kalata mwandilembelayi ndi yomveka kuposa za aphunzitsi ena amene amandilembela. Mizele itatu yakwana: khomo likhale kunja, lisayang'ane kumene amuna anu amaimika lole, ndipo njila yopita kuchimbudzi isakumane ndi yawo. Onjezani kawindo kakang'ono mbali ya kukhitchini kuti amai akaitana muzimva. Amuna anu akapeleke kalatayo ku Petauke sabata ino. Kunyamula envulopu sikulankhula za chipinda cha apongozi.

Kenako muone yankho la a Mubita. Wojambula wabwino amafunsa amene adzagone m'chipindamo, nafufuta. Akaseka mwambo wanu, kapena akati zasainidwa kale, musiyane nawo, mufune wina. Apempheni akusonyezeni nyumba ziwili zimene anajambula zomwe zapyola mvula zitatu. Pitani mukafunse mai wa pakhomopo, osati bambo. Mai ndiye amatchela mabeseni denga likamadontha. Funsaninso kukhonsolo ngati malo anu afuna chidindo musanakumbe, kuti musadzagwetse khoma ndi simenti imene munaimila pamzele.

Amalume musawachotse. Ndi mlongo wa amai anu, ndipo amai adzamvela iwo kuposa pepala. Apatseni nchito imene aidziwa: aloze pamene khomo liyenela kukhala, akhome chikhomo choyamba, ndipo chipinda chikatha apite ku Luembe kukatenga mlongo wawo. Za maziko ndi makoma asakhudze. Auzeni kuti anthu a msinkhu wawo amaloza, sakumba. Pitani kwawo Loweluka lija lisanafike, mutenge a Rabecca. Safunika kunena kanthu za khitchini, angokhala pamphasa.

Chenjezo langa ndi ili. Pepala limafufutika ndi labala, koma khomo likalowa m'njelwa latha. Mukakhala chete mpaka Loweluka lija, mudzakhala ndi chipinda chokongola cha mawindo abwino, amai anu ali ku Luembe, mtsinje utadzala.

Aphungu