Mpando Wotsamira

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo ndithu.

Ntchito yosoka mayunifolomu ikuyenda. Abwana atsopano anabwera ndi nzeru yotilimbikitsa: amene wasoka malaya ambiri pa mwezi amapatsidwa mpando wotsamira, wa khushoni, ena onse n'kumakhala pa mabenchi. Ndalama yoonjezera ayi, mpando basi, ndi kuomberedwa m'manja Lolemba m'mawa. Poyamba tinaseka. Mayi wina wodula nsalu anafunsa kuti, "Bwana, kodi mpandowo ana anga akadya?" Abwana anangomwetulira.

Ndiye mpandowo ndautenga ine miyezi itatu yotsatizana. Anzanga tsopano akunditcha Mfumukazi, ndipo nkhomaliro ndimadya ndekha pafupi ndi makina anga. Akuti ndikudzigulira malo kwa abwana. Sakudziwa kuti msana sukundilolanso kukhala pa benchi mpaka madzulo. Diresi la ntchito ndalikulitsa kale m'chiuno mwakachetechete. Mtsikana wina amene anakulitsa lake chaka chatha anauzidwa kuti akapume kaye kunyumba. Mpaka lero akupumabe.

Mnyamata uja ndinakuonetsani pa ukwati wa msuweni anasamuka, ndipo foni yake sikupezeka. Amayi musawauze kanthu, ndidzawauza ndekha.

Mundipempherere kuti ndipambanenso mwezi uno ndi wamawa. Zikatero, mpandowo autenge amene akuufuna.

Ndine,
mwana wa achimwene anu