Makatani Anu Ndakoloweka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Ife kuno tili bwino, amuna anu ayamba kale kunenepa.

Nyumba yatchuthi imene alamuwo anagula kunja kuno ndi yokongola zedi, pepani kuti simunaionebe. Munandituma kuti ndidzangokoloweka makatani munasoka aja n'kubwerera. Ndakoloweka. A kuchipinda chogona anatalika, ndiye ndawadula. Nsalu yotsalayo tikupukutira mapazi pakhomo.

Dzulo alamu ananditengera ku mathithi. Tinakwera kangolo koyenda pachingwe m'mwamba, ine mantha, iwo n'kundigwira m'chiuno mpaka kutsika. Inu simukanatha, ndi thupi lanulo. Wojambula zithunzi anati, "Bambo, senderani kwa akazi anuwa." Alamu sanamutsutse.

Kulinso nsanja yakale imene alendo amakwera, koma adokotala andiletsa masitepe miyezi ino. Alamu atamva anasangalala kwambiri. Akuti m'nyumba muno mumveka kaphokoso kamene akhala akukadikira zaka zonsezi.

Za ulendo wanu akuti mudikire kaye. Ngati makina anu akusokabe, tisokereni makatani ena ang'onoang'ono, a kachipinda koyandikana ndi chipinda chathu. Dzanja lanu ndi labwino.

Ndine,
Mng'ono wanu