Bwinja la Aroma ndi chiliza chanu

Amayi, kumene muliko kwacha bwanji? Miyendo ija inasiya kuwawa?

Ndine Binwelo wanu. Ndikulemba ndili kutali kwambiri, ku Mangalande, mumzinda wa Birmingham, dera lina lotchedwa Erdington, kumene nyumba zake n'zogundana ngati mano koma munthu sudziwa dzina la woyandikana naye. Ndili kwa mdzukulu wanu Tadala, uja munkamubereka popita kudimba. Pano ndi namwino pachipatala chachikulu. Iye ndi amuna ake, aBanda, ananditumizira tikiti ya ndege kuti ndidzaonerere mwana wawo Thoko akulandira digiri. Ine amene sukulu ndinalekezera Sitandade 4 ndinakhala pakati pa azungu nditavala jekete ya mkamwini, n'kumuona mwanayo akukwera pansanja ndi chipewa chamakona. Misozi inatuluka, ndinanamizira chimfine. Akundisunga bwino, Amayi. Anandigulira magalasi atsopano, ndi amene ndikulemberawa, ndipo m'chipinda mwanga muli chitsulo cha pakhoma chimene chimafunditsa popanda nkhuni. Ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse.

Za kumudzi nazi. Chimanga chaka chino sichinachite bwino chifukwa mvula inadula pamene chinkamasula, koma mtedza ndi soya zawapulumutsa. Mdzukulu wa Esnati wabereka mapasa, onse aakazi, mbumba yanu ikukulirakulira. Mtengo wa mango wa kuseri uja unagwa ndi mphepo. Zonsezi ndimamva kwa Tadala, chifukwa ine ndi mlongo wanga Esnati takhala zaka zambiri osalankhulana. Mwina mukudziwa kale, koma ndikufuna mumve mbali yanga.

Mukukumbukira nyumba ndinakumangirani nditabwerako kuntchito ya zomangamanga ku Lilongwe. Njerwa ndinaumba ndekha kudambo ndi chikombole changa, uvuni ndinawotcha ndekha mpaka nsidze zinapsa. Inali nyumba yoyamba ya malata mbali yathu ija, ndipo mvula yoyamba itagwa munati simunagone ndi phokoso, koma simukufuna kubwerera ku udzu. Titakuikani m'manda ine ndinabwerera kutauni. Pamene ndinapitanso kumudzi kukakamba za chiliza chanu, ndinapeza nyumba palibe. Pamalopo panali mizere ya soya. Esnati anaipasula. Malata anafolera nyumba ya mwana wake, njerwa zina anapereka kutchalitchi kumene ankawonjezera khoma, zotsala anamangira khola la nkhumba. Akuti inali itang'aluka, munadzaza mileme, ndipo palibe mwana ankalola kugonamo. Kaya. Koma osandifunsa ine, mwini mbumba? Ndinanena pamaso pa abale onse kuti chiliza sichimangidwa mpaka Esnati adzabwere kudzapepesa. Inu mukudziwa kuti popanda mawu a mwini mbumba palibe angaike ngakhale njerwa imodzi pamanda. Iye sanabwere, ine sindinapite. Munkanena inu kuti mkwiyo wanga uli ngati nyemba zouma, umatha nkhuni za mudzi wonse usanapse.

Tsono chimene ndakulemberani ndi ichi. Loweruka lina Tadala sanali pashifiti, ndiye anati tikawongole miyendo. Thoko ndiye anasankha kopita. Tinakwera galimoto, tinadutsa Telford kumene aBanda amagwira ntchito m'chinyumba chosungiramo katundu, kenako tinalowa m'minda ya nkhosa. Mwanayo anati tikukaona mzinda wa Aroma. Ndinafunsa ngati akunena Aroma omwe aja timawamva kutchalitchi, amene asilikali awo anapachika Ambuye. Anati omwewo, agogo, anafika mpaka kuno ndipo analamulira azungu a kuno. Izi zinandisangalatsa pang'ono, kumva kuti nawonso anatsamundidwapo. Malowo dzina lake ndi Wroxeter. Kulemba ndalemba, kutchula lilime langa lakana.

Amayi, kuno bwinja amalipiritsa pakhomo. Ndinkayembekeza mzinda, ndinapeza bwinja. Kwathu bwinja timadutsa mofulumira, mwina kungothyola bonongwe n'kumapita. Kuno atchetcha kapinga ngati bwalo la mpira, anthu akuyenda m'zipinda za eni ake akunyambita ayisikirimu, ena atagwirizira kukhutu tizitsulo tolankhula towafotokozera mbiri. Nyumba zonse zinatsala maziko okha, ofika m'mawondo. Koma pakati paima chikhoma chimodzi chachitali ngati nyumba ziwiri zosanjikana, chili ndi chikhomo chachikulu chopanda chitseko. Nditafika pakhomo pamenepo ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Odi!" Mayi wina wachizungu anatembenuka kundiyang'ana. ABanda anagwira pakamwa.

"Bambo, eni ake atulukapo pang'ono," anatero.

"Mkamwini," ndinayankha, "inu mukadzamwalira mudzafuna anthu azingolowa m'nyumba mwanu ngati mbuzi?"

Ndinaona kuti nayenso kapusi yake anaivula.

Malo tinalowawo akuti inali bafa ya mzinda wonse. Mabwana ndi anthu wamba ankasamba m'menemo, moto ukuyaka pansi pa simenti, utsi ukudutsa pakati pa timizati ta njerwa zopyapyala. Timizatito tilipobe, tandandalikana ngati ana a sukulu pamzere. Ndinayang'ana chikhoma chija nthawi yaitali. Anaika miyala, kenako mizere ya njerwa zofiira, kenako miyalanso, ndipo mzere uliwonse ndi wowongoka. Mtima wanga unawalemekeza anthu amenewo. Anali amisiri anzanga, ndipo ndikudziwa mmene misana yawo inkawawira madzulo.

Kenako ndinafunsa kuti nanga makoma enawo anapita kuti, poti miyala siwola. Thoko amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndiye mayi ake ndi amene ankandimasulira. Akuti Aroma atachoka, anthu a m'midzi yapafupi ankabwera ndi ngolo kudzatuta miyala, ena kumangira nyumba zawo, ena makola, ena tchalitchi.

"Kodi nakonso kuno kuli a Esnati?" ndinatero.

"Adadi, lero lokha chonde," anatero Tadala.

Ananditengera kutchalitchi chimenecho, sipatali, tinayenda wapansi m'mbali mwa mpanda wa nkhosa. N'chakale kwambiri, cha Akhristu oyambirira a dera limenelo. Pachipata pali mizati iwiri yozungulira imene anaizula kubwinja kuja. M'khoma mukuoneka miyala ikuluikulu yosiyana ndi inzake, yosemedwa ndi manja ena. M'kati muli chimwala chobatiziramo, chachikulu choti mwana angasambiremo. Akuti linali tsinde la mzati wa Aroma, anthu analigubuduza n'kuligoba pakati ngati mtondo, ndipo ana a m'mudzimo abatizidwiramo mibadwo ndi mibadwo.

Ndinakhala pabenchi kuti bondo lipume. Munali zii, mukununkha chinyontho. Ndinayamba kuganiza za tchalitchi chathu. Khoma limene anawonjezera lija ndi la mbali ya amayi, kumene inu munkakhala n'kumayambitsa nyimbo mokweza kwambiri mpaka anzanu ankalephera kufikako. Ndiye kuti njerwa zanga zimamva nyimbo Lamulungu lililonse. Zikanakhala pamalo pake bwenzi zikumva mileme. Izi sindinauze munthu. Ndipo musaganize kuti zimenezi zikufafaniza nkhani ya khola la nkhumba. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ikadalipo.

Pobwerera kumene tinasiya galimoto mvula inayamba, kamvula kawo kosatha kaja, ndiye tinathawira m'kanyumba kosungiramo zinthu zimene anafukula pabwinjapo. Muli mikanda, mapale a miphika, zipini za tsitsi, makiyi adzimbiri a zitseko zimene kulibe. Panali njerwa ina yopondedwa ndi galu isanaume, phazi lake likuoneka bwinobwino. Ndinaseka ndekha. Ndinakumbukira nkhuku yanu yamawanga imene inayenda panjerwa zanga zaziwisi kudambo, ine n'kuithamangitsa ndi chibuma, inu n'kunena kuti ndiisiye, nayonso ikufuna anthu adziwe kuti inathandiza kumanga.

Pakona panali mwala wautali woimirira, wolembedwa zilembo zikuluzikulu. Uwu sindinafunse kuti ndi chiyani. Chiliza ndimachidziwa ngakhale chilembedwe m'chilankhulo cha eni ake. Thoko anawerama n'kuwerenga mokweza. Linali dzina la mayi wina, zaka zimene anakhala ndi moyo, ndi mawu oti mwalawo anauika ndi mwamuna wake. Mayi ameneyo anamwalira Uthenga usanafike n'komwe pachilumba chino. Nyumba yake palibe angakulozereni, kaya miyala yake ili m'tchalitchi kaya m'khola la munthu. Koma dzina lake linatchulidwa tsiku limenelo ndi Thoko, mtsikana wa magazi a kwathu ku Dowa, ndipo ine ndinalimva.

Pamenepo Thoko anatembenuka n'kundifunsa, ndipo ulendo uno anayesetsa m'Chichewa chake chopindika: "Agogo, nanga pamanda a amayi anu munalemba chiyani? Ndikadzapita ndikufuna ndikajambule."

Tadala anayamba kuyang'ana mikanda. ABanda anapita kukafunsa za tiyi. Mwanayo sankadziwa kanthu, ankangodikira yankho, maso ali pa ine.

Ndikanamuuza chiyani, Amayi? Pamanda anu pali mulu wa dothi umene ukuphwa chaka ndi chaka, ndi kachitsulo kamene utoto wake unafufutika kalekale. Amene tikudziwa kuti mwagona pati tatsala awiri, ine ndi Esnati, ndipo tonse timayendera ndodo. Tikapita ife, mapasa aja adzakafunsa ndani? Ndinamuyankha kuti, "Sitinamalize kulemba." Anati chabwino, n'kupita kukaona makiyi.

Lamulungu tinapita kukapemphera ndi Amalawi anzathu muholo ina ku Smethwick, koma ulaliki sindinaumve. Lolemba m'mawa, Tadala asanapite kuntchito, ndinamuuza kuti andiimbire azakhali ake pafoni ija yoonana nkhope. Anandiyang'ana ngati ndamupempha njoka, koma anaimba.

Amayi, nkhope imene inatuluka pagalasipo inali yanu. Esnati wakalamba, mano akutsogolo anatha, ndipo duku amamanga mopendeketsa ngati inu. Ndinatsala pang'ono kugwetsa foni.

"Achimwene?" anatero. "Kwagwanji? Mwadwala?"

"Sindinadwale. Uwauze anyamata ayambe kututa mchenga ndi miyala. Ndikubwera mvula isanayambe, timange chiliza."

Ndinkangomva atambala a kwathu akulira kumbuyo kwake. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Mchenga tinatuta kale, achimwene. Mvula yaukokolola kangapo, ife n'kumatutanso. Timangodikira inu."

Sanapepese. Inenso sindinanene kuti ndinalakwa, chifukwa pa nkhani yosafunsidwa ija sindinalakwe. Koma tinacheza mpaka Tadala anachedwa kuntchito. Anandionetsa mapasa, ndi onenepa, mmodzi ali ndi chipumi chanu. Anandifunsa ngati n'zoona kuti kuno dzuwa limalowa anthu atadya kale chakudya chamadzulo, ndinati n'zoona, anati ndayamba mabodza a anthu oyenda.

Ndiye tisanatsazikane tinayambananso, ndikuuzeni zoona. Iye akuti pamwalapo tilembe dzina lanu la ubatizo, Elube, chifukwa ndi limene lili kumwamba. Ine ndikuti tilembe Naphiri, chifukwa ndi limene mudzi wonse unkakuitanirani, ndipo munthu akanafika n'kufunsa za Elube akanamulozera mudzi wina. Iye akuti ndine wamakani ngati kale. Ine ndinati pa ife awiri mwini mbumba ndani. Tadala analanda foni n'kunena kuti mwalawo ndi waukulu, mayina awiri akwana, koma tsopano tikukangana kuti liyambe ndi liti. Ngati muli ndi maganizo pa nkhaniyi, mumulotetse Esnati. Ine musavutike nane, ndasankha kale.

Ndikuthokoza Mulungu kuti wandisunga mpaka ndaona zimenezi, ndiponso ana awa amene ananditengera kubwinja la eni ake tsiku la mvula. Ndikuthokoza inu, Amayi, kuti mwadikira osadandaula. Manja anga amanjenjemera masiku ano, koma mmisiri wina sindimulola. Anyamata adzakanda simenti, chingwe ndi chipande ndidzagwira ndine, ndipo zilembo ndidzazigoba mozama kuti ngakhale mwana wobadwira kutali adzathe kuziwerenga ndi chala. Mvula ya chaka chino ikupezani muli ndi dzina.

Moni kwa abambo ngati mumaonana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Binwelo